Chakudya Choyenera Mayi Amene Msambo Wake Umadumphadumpha

Pakati pa amayi amene amafika ku chipatala cha Mishoni cha Mua, ndi ku zipatala zazing'ono za ku Golomoti ndi ku Mtakataka, alipo ena amene dandaulo lawo salinena mokweza. Iwo sakutsokomola, sakumva malungo, ndipo pa maso amaoneka athanzi. Vuto lawo ndi lakuti msambo umabwera mwa apo ndi apo: mwezi uno asamba, kenaka papita miyezi iŵiri kapena itatu osaona kanthu, chikhalirecho alibe pathupi. Ena mwa iwo thupi limangonenepa, makamaka pamimba. Ena ayamba kumera tsitsi pachibwano ndi pachifuŵa, ndipo ena nkhope yadzala ziphuphu ngakhale kuti utsikana anausiya kale. Choŵaŵa koposa n'chakuti ena akhala pa banja zaka zingapo popanda mphatso ya mwana, ndipo achibale ayamba kale kung'ung'udza.

Zizindikiro zimenezi zikapezeka pamodzi, kaŵirikaŵiri zimaloza ku nthenda imene madokotala amaitcha polycystic ovary syndrome, kapena mwachidule PCOS. Mankhwala oichotseratu m'thupi kulibe, koma mphamvu yake ingathe kuchepetsedwa kwambiri, kotero kuti msambo n'kumabwera m'nthaŵi yake, ndipo amayi ambiri amafika pobereka. Gawo lalikulu la chithandizo chake lili m'mbale imene mayi amadyera tsiku ndi tsiku. Chakudya chofunikacho sichigulidwa m'masitolo a m'tauni. N'chomwecho chimene chimalimidwa m'minda ndi m'madimba a chigwa chino, pamodzi ndi nsomba za m'nyanja. Chofunika kusintha ndi kakonzedwe kake ndi muyeso wake.

Kodi nthendayi ndi yotani?

M'mimba mwa mayi, mbali iyi ndi iyi ya chiberekero, muli timatumba tiŵiri m'mene mumakhwimira mazira. Anamwino ena amatitcha mabasiketi. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima n'kutuluka, ndipo ngati silinakumane ndi mbewu ya abambo, patapita masabata aŵiri mayi amasamba. Ntchito yonseyi imayendetsedwa ndi timadzi ta m'magazi totchedwa mahomoni. Mwa mayi wodwala PCOS, mahomoniŵa sagwirizana bwino. Mazira ambiri amayamba kukula, koma amaima panjira osakhwima, ndipo popeza palibe dzira lotuluka, msambo umachedwa ndipo mimba imavuta kuima. Pounika ndi makina, timazira toima panjirato timaoneka ngati mikanda yondandalika m'mphepete mwa thumba. Timeneti si zotupa, si khansa, ndipo sitifunika opaleshoni. Komanso mahomoni achimuna, amene mayi aliyense ali nawo pang'ono, amachuluka. Ndiwo amameretsa ndevu, kuyambitsa ziphuphu ndi kuthothola tsitsi la pakati pa mutu.

Nthendayi si yachilendo kwa madokotala. M'chaka cha 1935 madokotala aŵiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analemba za amayi 7 amene anali ndi zizindikiro zimenezi. M'chaka cha 2003 akatswiri amene anakumana ku Rotterdam anagwirizana kuti mayi azitchedwa wodwala PCOS ngati ali ndi zizindikiro ziŵiri mwa zitatu izi: msambo wodumphadumpha, kuchuluka kwa mahomoni achimuna, ndi timazira tambiri tooneka pounika, malinga ngati matenda ena ofanana nawo afufuzidwa ndipo sanapezeke. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2025 kuti mwa amayi 100 alionse a msinkhu wobereka, 6 mpaka 13 ali ndi nthendayi, ndipo ochuluka mwa iwo sanauzidwepo dzina la chimene chikuwavuta. Nthendayi imayenda m'magazi a pamtundu, kotero kuti mayi, mwana wake ndi mng'ono wake onse angakhale nayo. Siyopatsirana, sichokera m'kulodzedwa, ndiponso si chilango cha khalidwe la munthu.

Chakudya chikuloŵapo bwanji?

Munthu akadya nsima, mpunga, chinangwa kapena buledi, chakudyacho chimagayidwa m'mimba n'kusanduka shuga amene amaloŵa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kuloŵa m'minofu, kumene amapatsa munthu mphamvu, thupi limapanga homoni yotchedwa insulini. Mwa amayi ambiri odwala PCOS, minofu siimvera insulini msanga, ndipo thupi limakakamizika kupanga yochuluka kuti ntchitoyo itheke. Tsono insulini ikachuluka m'magazi imachita zinthu ziŵiri zoipa: imasonkhezera timatumba ta mazira kupanga mahomoni achimuna, ndiponso imasunga mafuta pamimba. Mafuta a pamimbawo nawonso amawonjezera kusamvera kwa minofu, ndipo vutolo limangodzikulitsa lokha. Chizindikiro chimodzi cha insulini yochuluka ndi khungu lakuda bii, lokhuthala, kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Amayi ena amalikwecha ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, koma silichoka.

Pa chifukwa chimenechi, mayi wodwala PCOS ali pa chiopsezo chachikulu cha matenda a shuga, shuga wa pa nthaŵi ya pakati, ndi kuthamanga kwa magazi akamakula. Motero chakudya chimene chimakweza shuga wa m'magazi pang'onopang'ono, ndi chimene sichiunjika mafuta pamimba, ndicho chimapumitsa thupi lake.

Masiku ano pa mafoni pamayenda malangizo osiyanasiyana ochokera kutali: ena amati mayi asiyiretu nsima ndi mpunga, ena amati asamwe mkaka, ndipo ena amagulitsa tiyi wochepetsa thupi ndi mankhwala otsuka m'mimba. Malangizo a akatswiri a maiko ambiri, amene anasonkhanitsidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Monash ya ku Australia m'chaka cha 2018 ndi kukonzedwanso m'chaka cha 2023, anapeza kuti palibe kadyedwe kamodzi kapadera kamene kamaposa kadyedwe kena pa nthendayi. Chothandiza ndi kadyedwe kabwino kamene mayi angathe kukatsata kwa zaka zambiri popanda kutopa nako ndi popanda kusaukirapo. Kuno kadyedwe kameneka n'kodziŵika kale: ndi magulu 6 a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa ku sikelo, ndiwo zakudya zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Nsima ya mgaiwa ndi muyeso wake

Ufa woyera ndi ulemu wa mayi pakhomo, ndipo ambiri amauona mgaiwa ngati chakudya cha nthaŵi ya njala. Komabe pokonola chimanga amachotsa madeya ndi kamtima ka njere, ndipo poviika mphale m'madzi masiku angapo mavitamini ena amatsukika. Chotsala ndi ufa wofeŵa umene umagayika msanga m'mimba n'kukweza shuga mofulumira, ndipo njala siichedwa kubweranso. Mgaiwa umasunga madeya, amene amachedwetsa kagayidwe ka chakudya ndi kukhalitsa m'mimba. Nsima ya mapira kapena ya maŵere nayonso ndi yabwino pamene mbewuzi zikupezeka. Banja limene silinazoloŵere mgaiwa lingayambe ndi kusakaniza theka la ufa woyera ndi theka la mgaiwa, mpaka pakamwa patazoloŵera.

Pali zinthu ziŵiri zofunika kusamala. Choyamba, popeza mgaiwa umagayidwa ndi khungu lomwe, chimanga chiyenera kupetedwa ndi kusankhidwa bwino, ndipo njere zonse zachuku ndi zoola zitayidwe, chifukwa chuku chimakhala ndi poizoni wowononga chiŵindi. Lamulo lomweli likhudzanso mtedza. Chachiŵiri, mgaiwa sukhalitsa ngati ufa woyera, makamaka m'dera lotentha lino, choncho ndi bwino kugayitsa wochepa wokwana masabata aŵiri kapena atatu.

Ngakhale mgaiwa umene, ukadyedwa mitanda itatu kapena inayi pa nthaŵi imodzi, umakweza shuga ndi kunenepetsa. Mayi amene akufuna kuchepetsa thupi ayese mtanda umodzi wonga chibakera chake, kapena iŵiri yaing'ono pa tsiku la ntchito yolemetsa ya kumunda. Mpunga, umene ndi wosasoŵa kufupi ndi sikimu ya Bwanje, ufunika muyeso womwewo, ndipo umakhala bwino ukaphikidwa pamodzi ndi khobwe kapena nandolo. Chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, choncho chisadyedwe chokha popanda nsomba kapena nyemba. Mbatata yophika, makamaka yofiira m'kati monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, ingaloŵe m'malo mwa buledi ndi mandasi m'maŵa.

Ndiwo zichuluke

M'makomo ambiri ndiwo ndi zongopititsira nsima: kambale kakang'ono pambali pa phiri la nsima. Kwa mayi wodwala PCOS zinthu ziyenera kutembenuzidwa. Ngati chakudya chake chonse chitaikidwa m'mbale imodzi, theka la mbaleyo likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nsomba, nyemba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndilo likhale nsima. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku.

Masamba ake ndi omwe aja: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, kholoŵa, chigwada, therere, mpiru ndi repu. Aphikidwe m'madzi ochepa, kwa nthaŵi yochepa, ndipo msuzi wake usatayidwe. Soda ndi chidulo zimafeŵetsa ndiwo koma zimapha mavitamini, choncho zichepe. Kutendera ndi nsinjiro n'kwabwino kuposa kuthira mafuta ambiri. Chigwada chokha ndicho chifunika kusinjidwa ndi kuphikidwa mpaka chitapsa bwinobwino.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ali ndi mwaŵi umene ena alibe. Usipa, utaka ndi matemba, zimene zimadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, zimapatsa zomanga thupi, zolimbitsa mafupa ndi mafuta abwino pa mtima, ndipo sizikweza shuga. Nsomba zoŵiritsa ndi tomato ndi anyezi, kapena zootcha, n'zabwino kuposa zokazinga m'mafuta osambira. Pa nsomba zouma zothira mchere wambiri, mcherewo uyambe watsukidwa, popeza muyeso wa mchere kwa munthu wamkulu ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti sipuni yaing'ono imodzi. Masiku amene nsomba zadula, nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya zimagwira ntchito yomweyo, ndipo zimakhalitsa m'mimba.

Shuga wobisika ndi chiŵaya

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuŵa limaswa mtengo m'chigwa chino, ludzu limakokera anthu ku zakumwa zotsekemera. Botolo limodzi la chakumwa chozizira cha mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2015 amati shuga wothira asapitirire masipuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo ndi bwino koposa akakhala 6. Mayi amene wathira masipuni atatu mu tiyi m'maŵa, aŵiri m'phala, n'kumwa botolo limodzi masana, wadutsa kale muyeso asanaŵerengere thobwa, mafilizi, majuwisi osungunula ndi madzi a malambe othira shuga. Shuga wa m'zakumwa ndiye woopsa kwambiri, chifukwa amathamangira m'magazi koma sathetsa njala. Chakumwa choyenera ludzu ndi madzi abwino a pa mjigo. Shuga wa mu tiyi achepetsedwe sipuni imodzi pa sabata mpaka lilime litazoloŵera. N'zoona kuti shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma vitamini yemweyo amapezeka mu mbatata yofiira, maungu, mapapaya ndi masamba obiriŵira.

Mbatatesi zimene zimatsika ku mapiri a Dedza kudzera pa Khwekhwerere n'chakudya chabwino zikaphikidwa, koma zikaloŵa pa chiŵaya zimamwa mafuta ambiri, ndipo kaŵirikaŵiri mafutawo amakhala otenthedwa mobwerezabwereza. Tchipisi, mandasi, zitumbuwa ndi kanyenya zikhale za mwa apo ndi apo, osati za tsiku lililonse la msika. Moŵa nawo umanenepetsa pamimba, ndipo kwa mayi amene akufuna mimba ndi wofunika kuupeŵeratu.

Zipatso sizoletsedwa. Magwafa, mapapaya, masau, bwemba, malambe, malalanje ndi nthochi zidyedwe zathunthu, osati zofinya madzi okha. Pa nyengo ya mango, limodzi kapena aŵiri pa nthaŵi imodzi ndi okwana. Kukhala pansi ndi beseni lodzaza n'chimodzimodzi kumwa shuga. Mzimbe nawo udyedwe mfundo zoŵerengeka.

Mwachitsanzo, tsiku la mayi wotere lingayende motere. M'maŵa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, kapenanso mbatata yophika ndi tiyi wa shuga wochepa. Masana, mtanda umodzi wa mgaiwa, usipa ndi mbale yodzaza nkhwani wotendera. Madzulo, nyemba ndi bonongwe, ndi nsima yochepa. Njala ikam'peza pakati, adye mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi kapena gwafa. Kudumpha chakudya cha m'maŵa ndi cha masana n'kudzadya mokhuta usiku sikuthandiza.

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, si nthaŵi yoti munthu azisankha chakudya. Komabe m'miyezi imeneyi masamba amamera okha m'minda, ndipo ndiyo nthaŵi yofutsa khwanya ndi nkhwani kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Banja lanzeru limasungako nyemba, khobwe ndi mtedza pokolola, m'malo mogulitsa zonse kwa mavenda.

Za kuchepetsa thupi

M'midzi kunenepa kwa mkazi kumatengedwa ngati umboni wakuti mwamuna akusamala bwino, ndipo mayi akayamba kutsika thupi anthu amayamba kunong'onezana za matenda. Mantha ameneŵa amabweza m'mbuyo amayi ambiri. Koma kuchepa kofunika pano si kwakukulu. Kwa mayi wonenepa, kutsitsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa makilogalamu 100 alionse a kulemera kwake kumathandiza kuti msambo ubwerere m'malo ndi kuti mazira ayambe kukhwima. Mayi wolemera makilogalamu 80 angofunika kutsitsa 4 mpaka 8, ndipo izi zichitike pang'onopang'ono m'miyezi ngati 6. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tepi ya atelala ingathandizenso: ngati mimba, poyeza mozungulira pamchombo, yapitirira masentimita 80, ndiye kuti mafuta a pamimba ayamba kuchuluka.

Kulimbitsa thupi kumathandiza minofu kumvera insulini ngakhale sikelo isanasinthe. Muyeso wake ndi mphindi 150 pa sabata, monga mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5. Mayi wolima, wotunga madzi ndi wosinja amakwanitsa kale muyesowu. Amene afunika kusamala ndi okhala pansi tsiku lonse pa benchi ya malonda, pa makina osokera kapena mu ofesi. Iwo ayende pansi mwandaŵala pa maulendo aafupi m'malo mokwera kabaza.

Si amayi onse odwala PCOS amene ali onenepa. Mayi woonda kapena wa thupi la pakatikati asadzimane chakudya. Iye angosamala mtundu wa zakudya ndi kupeŵa kunenepa. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa nawonso asayese kuchepetsa thupi. Mayi amene amamwa mankhwala a shuga, a chifuŵa chachikulu kapena otalikitsa moyo ayambe wafunsa kuchipatala asanasinthe kadyedwe kake.

Udindo wa banja

Mayi sangaphike miphika iŵiri, wake ndi wa banja, tsiku ndi tsiku. Ngati abambo akana mgaiwa, kapena apongozi anena kuti mkazi wophika mgaiwa ndi waulesi, malangizo onseŵa athera pa khomo la chipatala. Chakudya chimene chafotokozedwa pano n'chabwino kwa abambo, kwa agogo ndi kwa ana omwe, ndipo chimateteza banja lonse ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Abambo amene amagwira ndalama za pakhomo angathandize pogula usipa ndi nyemba m'malo mwa zakumwa zotsekemera. Apongozi, ankhoswe ndi anamkungwi adziŵe kuti mayi wotere si chumba, ndi kuti mawu onyoza ndevu zake kapena thupi lake amam'dwalitsa maganizo, pakuti amayi odwala PCOS amavutika ndi nkhaŵa ndi kukhumudwa kuposa anzawo.

Nthaŵi yopita kuchipatala

Chakudya chimathandiza, koma sichiloŵa m'malo mwa kuyezedwa. Msambo ungaime pa zifukwa zina: mimba, kuyamwitsa, jakisoni wolera, chithokomiro, kuonda kwambiri kapena matenda okhalitsa. Kusabereka nako kungachokere ku kutsekeka kwa njira za mazira chifukwa cha matenda opatsirana pogonana, ku likodzo limene ndi lofala m'mphepete mwa nyanja, kapena ku mbewu ya abambo. Kwa mtsikana amene wangotha msinkhu, msambo kudumpha m'zaka zoyambirira si chachilendo, ndipo asathamangire kudzitcha wodwala. Safunsa anadya phula.

Mayi apite kuchipatala ngati masiku a pakati pa msambo ndi msambo amapitirira 35 kapena sakwana 21, ngati amasamba kosakwana ka 8 pa chaka, kapena ngati wakhala chaka chathunthu pa banja osalera koma osaima. Makamaka asakhale masiku 90 osasamba popanda kukaonana ndi anamwino, chifukwa m'kati mwa chiberekero mumakhuthala, ndipo zikapitirira kwa zaka zambiri zingayambitse khansa ya m'chiberekero. Kuchipatala adzayamba ndi kuyeza mimba, sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo pakafunika kuunika kapena kuonana ndi dokotala wa amayi adzam'tumiza ku chipatala chachikulu, monga cha boma ku Dedza kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala othandiza alipo: mapiritsi olera amakonza msambo ndi kuchepetsa ziphuphu ndi tsitsi kwa amene sakufuna mimba pakali pano, metformin amathandiza thupi kumvera insulini, ndipo letrozole ndi clomiphene amakhwimitsa mazira kwa amene akufuna mwana. Onseŵa aperekedwe ndi dokotala, osati kugula pa msika. Mayi wotere akaima, ayambe sikelo msanga ndi kuuza anamwino za nthenda yake kuti amuyeze shuga.

Popita kuchipatala, mayi atenge buku lake la kuchipatala ndi pepala limene walembapo masiku amene anasamba m'miyezi yapitayi, ndiponso anene mankhwala alionse amene wamwa, ngakhale achikuda. Ngati nkhani ndi ya mwana, abambo apite naye limodzi kuti nawonso akayezedwe ndi kumva okha malangizo a chakudya cha pakhomo pawo.